Tchuthi cha Disembala ndi ana a mabanja osiyana: kudanitsa mwana ndi kholo lake

NyaMhango (Katoto):
Abale, sukulu zatsala pang'ono kutsekera teremu yoyamba. Tiyeni tikambirane za ana amene makolo awo anasiyana banja, makamaka mchitidwe wa kholo limodzi kudanitsa mwana ndi kholo linzake. Chaka chonse zimabisika chifukwa mwana amatanganidwa ndi sukulu, koma Disembala akafika zimaonekera poyera: mwana apita kuti, anyamuka liti, abwera liti, basi alipira ndani. Muno muli aphunzitsi, anamwino, alangizi ndi odziwa malamulo. Tiuzeni zogwirika. Maina a anthu ayi chonde.

Bambo Chirwa (mlangizi, Luwinga):
Zikomo amayi. Poyamba tidziwe kuti ndi ochepa amene amanena mwachindunji kuti "supita kwa bambo ako" kapena "amayi ako usawaonenso". Zimayenda ndi tinthu ting'onoting'ono timene ukatitchula kamodzikamodzi anthu amati ukukokomeza. Tsiku lonyamuka likafika, mwana akuti wadwala. Ola limene amayi ake amaimba, foni yatha moto. Sabata imene anayenera kupita kwa bambo ake, mwadzidzidzi kwakonzedwa ulendo wa kunyanja ku Nkhata Bay, ndiye mwana aziona kuti kupita kwa bambo ndi kumanidwa zabwino. Ena amalira pamaso pa mwana akunyamula chikwama: "Ndiye undisiya ndekha pa Khrisimasi?" Mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri amanyamuka ndi mlandu mumtima, ndipo uko akupitako sasangalala chifukwa kusangalalako akukuona ngati kupereka kholo limene watsala nalo.

Choipa kwambiri chimachitika pobwerera. Mwana asanavule nsapato, mafunso ayamba: munagona angati m'nyumbamo, amayi ako okupeza anakupatsa ndiwo zanji, kunabwera mwamuna wanji, ndalama anali nazo? Mwana amaphunzira msanga yankho limene limakondweretsa wofunsayo. Akati "kunali bwino" nkhope ya kholo imagwa. Akati "sindinakhute" amakumbatiridwa ndi kuphikiridwa. Matchuthi awiri atatu otere, mwana amayamba kubwera ndi zoipa zokhazokha, zina zoona, zina zowonjezera, ndipo pamapeto pake amazikhulupirira yekha.

Palinso zovala ndi nsapato zogulidwa uko zimene zimatsekeredwa m'sutikesi osavalidwa, kumuuza mwana nkhani za akuluakulu monga zibwenzi ndi ngongole, ndi mawu aja akuti "izi usakanene kwa amayi ako". Chinsinsi chilichonse chimene mwana wauzidwa kuti abisire kholo lina ndi katundu amene sayenera kusenza.

Mayi Banda (Chibavi):
Nanga kumufunsa mwana mwini wake ngati akufuna kupita, kulakwa? Ambiri amati "ine sindimuletsa, amakana yekha."

Bambo Chirwa (mlangizi, Luwinga):
Zimadalira msinkhu ndi wofunsayo. Mwana wa zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi akafunsidwa ndi kholo limene amadya ndi kugona nalo, sayankha funso, amayankha nkhope. Sitimufunsa ngati akufuna kupita kusukulu kapena kukabayitsa katemera. Mungamufunse kuti atenga zovala ziti, kapena akufuna aziimba ola lanji. Zoti apita kapena ayi, akuluakulu agwirizane okha. Wa zaka 13 kupita m'mwamba maganizo ake amveke ndithu, koma awamve munthu wapadera, osati mmodzi wa okanganawo.

Agogo Jere (Ekwendeni):
Ana anga, ine ndifunse za kwathu kuno. Malowolo akaperekedwa, ana amakhala a kuchimuna. Mkazi akabwerera kwawo, ana amatsala pamudzi wa bambo awo, ndipo amadziwa dzina lawo, manda a makolo awo ndi munda wawo. Kodi tsopano mukuti zimenezi ndi kudanitsa mwana ndi mayi ake?

Mayi Banda (Chibavi):
Agogo, ndiye kwa ife a chikamwini zimatembenuka. Ana ndi a mbumba, mwini wake ndi amalume, bambo banja likatha amanyamula bulangete lake basi. Mzuzu muno mabanja ambiri ndi osakanikirana, mwamuna wa ku Mzimba mkazi wa ku Dedza kapena ku Mulanje. Likatha banja lotere, mbali iliyonse imaloza mwambo wake, ndipo mwambo uliwonse ukunena kuti ana ndi athu.

Bambo Mkandawire (Mchengautuwa):
Agogo, funso lanu ndi lolemera, ndiyankhe mwaulemu. Mwana kudziwa mudzi wa bambo ake palibe amene akutsutsa. Vuto limabwera malowolo akasanduka loko wotsekera mayi kunja, kapena mbumba ikasanduka loko wotsekera bambo kunja. Lamulo lalikulu la dziko, gawo 23, limati pa nkhani iliyonse yokhudza mwana, choyambirira kuganizira ndi ubwino wa mwanayo. Kuyambira 2017 gawo lomweli limati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18. Lamulo la chisamaliro, chitetezo ndi chilungamo cha ana la 2010 limalola kholo, wachibale kapena munthu wina woyenera kupempha khoti la ana kuti azisunga mwana, komanso padera kupempha kuti aziloledwa kumuona nthawi ndi nthawi. Khoti limaona ubwino wa mwana, msinkhu wake ngati akufunikabe kukhala ndi mayi, maganizo a mwanayo, ndi kuti ana a bere limodzi asalekanitsidwe. Ng'ombe zimene zinaperekedwa sizili pa mndandandawo. Umalume nawonso palibe.

Dziko lathu linavomerezanso mu 1991 pangano la United Nations la ufulu wa ana la 1989, limene gawo 9 lake limati mwana amene sakukhala ndi kholo lina ali ndi ufulu wokumana nalo pafupipafupi, pokhapokha ngati kukumanako kungamupweteke. Muone kuti ufuluwo ndi wa mwana. Si mphoto ya kholo limene linali lolungama m'banjamo. Munthu angathe kukhala mwamuna woipa kwa mkazi wake koma bambo wabwino kwa ana, chimodzimodzi mkazi.

Achimwene Gondwe (Zolozolo):
Bwana Mkandawire, nanga bambo amene chaka chonse sanatumize ngakhale sopo, Disembala akufuna ana? Apite bwanji?

Bambo Mkandawire (Mchengautuwa):
Zimapweteka, koma ndi milandu iwiri yosiyana. Ndalama yosamalira mwana ili ndi njira yake: mumakadandaula ku khoti la ana, khoti limayang'ana zimene makolo onse awiri amapeza ndi zimene mwana akusowa, n'kulamula. Kumana bambo ana chifukwa sanalipire fizi ndi kulanga mwana kawiri: wasowa fizi, wasowanso bambo. Nayenso bambo wonena kuti "sinditumiza ndalama mpaka ndiwaone" akulakwa chimodzimodzi. Ndipo mwana asatumidwe kukatenga ndalama. Tumizani pa Mpamba kapena Airtel Money, uthenga wake usungidwe, umakhala umboni kwa onse awiri.

NyaKaunda (namwino, Chiputula):
Ine ndiimitse kaye, chifukwa nkhaniyi ikupendekera mbali imodzi. Si mwana aliyense wokana kupita amene wadanitsidwa. Ena amakana chifukwa uko amamenyedwa, amagona ndi njala, bambo amabwera ataledzera, kapena pali wachibale amene amawagwiragwira usiku. Mayi amene akuteteza mwana wotere asanenedwe kuti akudanitsa. Dokotala wa ku America, Richard Gardner, ndi amene mu 1985 anafalitsa zoti kudanitsidwaku ndi matenda a mwana, ndipo akatswiri ambiri anamutsutsa. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linachotsa mawu onena za kudanitsaku m'ndondomeko yake ya matenda mu 2020. Mu 2023 Reem Alsalem, amene amafufuza za nkhanza kwa amayi ndi atsikana ku United Nations, anachenjeza kuti m'makhoti a maiko ambiri abambo ochita nkhanza amagwiritsa ntchito nkhani ya kudanitsayi pophimba milandu yawo n'kulanda ana. Tisamangothamangira kuweruza mayi.

Bambo Chirwa (mlangizi, Luwinga):
Achemwali mwanena zoona, ndipo ndi pamene pagona ntchito yonse. Mchitidwewo ulipo, timauona, koma si matenda oti wina angayeze. Akatswiri awiri, Joan Kelly ndi Janet Johnston, mu 2001 anasiyanitsa mwana wokana kholo pa chifukwa chenicheni ndi mwana amene kukana kwake sikukugwirizana ndi zimene kholo linamuchitira. Mwana wovulazidwa amafotokoza ndi mawu a msinkhu wake, amatchula malo, nthawi, chimene chinachitika, ndipo kawirikawiri amakhala ndi mitima iwiri: amaopa kholo lomwelo koma amalikondabe, mwinanso kuliikira kumbuyo. Mwana wodzazidwa mawu amayankhula ngati wamkulu: "bambo anga alibe udindo", "amayi anga anatithawa chifukwa cha chuma". Ukafunsa kuti anakuchita chiyani iweyo, zifukwa zake n'zopepuka kapena ndi zimene zinachitika iye asanabadwe. Kholo limodzi ndi loyera kotheratu, linalo lilibe chabwino ngakhale chimodzi. Chidanicho chimafalikira kwa agogo, azakhali ndi asuweni a mbali imeneyo amene ankasewera nawo chaka chatha chomwechi.

Koma izi si zoti muziyesera kunyumba. Mukakayikira nkhanza, musamufunse mwana kambirimbiri, chifukwa mafunso obwerezabwereza amasokoneza nkhani yake ndi kuononga umboni. Lembani mawu ake monga wawanenera, tsiku ndi ola, imbani 116 imene ndi yaulere, pitani ku ofesi ya Social Welfare kapena ku Victim Support kupolisi, ndipo ngati pali chilonda kapena kukayikira kugwiriridwa, kuchipatala tsiku lomwelo.

NyaKaunda (namwino, Chiputula):
Pa kugwiriridwa ndiwonjezere: mankhwala oteteza ku HIV amagwira ntchito akayambidwa pasanathe maola 72. Osadikira kuti ankhoswe akhale pansi kaye.

Aphunzitsi Msiska (Masasa):
Ife zotsatira zake timaziona mu Januwale. Mwana amene amabwera tsiku loyamba, teremu yachiwiri akufika patatha sabata imodzi kapena ziwiri chifukwa kholo lina "linamugwira". Kwa wa Sitandade 8 kapena Folomu 4, teremu imeneyi ndi imene timamaliza silabasi, masabata awiriwo amalemera. Timapereka chimangirizo chakuti "Tchuthi changa", ena akulemba tsamba lonse, iye wangogwira pensulo, chifukwa sakudziwa chimene akuloledwa kunena. Ang'onoang'ono amadandaula m'mimba ndi mutu popanda malungo, ena amayambanso kukodza pogona atasiya kale. Akuluakulu amakhala aukali, kapena amangokhala chete kumbuyo kwa kalasi. Amene amandidetsa nkhawa kwambiri ndi mwana waulemu kopitirira, wosangalatsa aliyense, wodziwa kuuza munthu aliyense zimene akufuna kumva. Anthu amamuyamikira, koma waphunzira kubisa mtima wake.

Njira ina imene anthu sakuitchula ndi ya kusamutsa sukulu. Mwana wapita kutchuthi ku Rumphi kapena ku Karonga, Januwale walembetsedwa sukulu ya kumeneko, yunifolomu yasokedwa kale, kenako wina akubwera kudzapempha kalata yosamutsira. Ena amabwera kudzauza ahedi kuti lipoti asapatse bambo, kapena mayi asaloledwe pageti. Sukulu isalowe m'zimenezo ndi mawu apakamwa. Ngati pali chigamulo cha khoti, bweretsani kope lake likhale mu ofesi. Ngati palibe, makolo onse awiri ndi makolo.

NyaMhango (Katoto):
Ndiye tichite chiyani sukulu zisanatseke? Ndikufuna zoti munthu angakopere pa pepala usiku uno.

Bambo Mkandawire (Mchengautuwa):
Lembani pangano, ngakhale pa pepala la m'kope, makolo onse asaine, ankhoswe a mbali zonse akhale mboni, aliyense atenge lake. Mawu akuti "mwana azipita pa tchuthi" alibe ntchito, ndi amene amabala ndewu. Lembani tsiku ndi ola: anyamuka 21 Disembala 10 koloko m'mawa, abwera tsiku lakuti ola lakuti. Khrisimasi muzisinthana, chaka chino kwa mayi chaka chamawa kwa bambo, ndipo amene sanapeze Khrisimasi apeze Chaka Chatsopano. Tchuthi chachitali cha Ogasiti chigawike pakati, cha Pasaka chingapite kwa kholo limene silikhala ndi mwana nthawi ya sukulu. Mwana abwerere patatsala masiku atatu kuti sukulu itsegulidwe, achape, apume, azolowerenso.

Malo operekerana mwana asakhale pakhomo pamene pali mwamuna kapena mkazi watsopano ngati mitima idakali yowawa. Pabwalo la tchalitchi mapemphero atatha, kapena kunyumba kwa nkhoswe, ndi bwino. Kuperekerana kusapitirire mphindi khumi, ndipo nkhani ya ndalama isakambidwe pamenepo. Lembaninso amene alipire ulendo. Njira yosavuta ndi yakuti wolandira mwana ndi amene amabwera kudzamutenga, popita bambo, pobwerera mayi, aliyense walipira mbali imodzi. Mwana wosakwana zaka khumi asaikizidwe kwa kondakitala padepoti. Ulendo ukhale wa masana, makamaka nyengo ya mvula ino pa msewu wa Chiweta ndi m'Chikangawa momwe mumagwa nkhungu.

Foni ikhale ndi masiku ake, mwachitsanzo Lachiwiri, Lachinayi ndi Lamulungu, 6 koloko madzulo, mphindi khumi kapena khumi ndi zisanu, wamkulu atuluke, sipika isatsegulidwe. Kuimba kasanu patsiku nakonso ndi njira yosokoneza tchuthi cha mnzako. Pomaliza lembani chiganizo ichi, chimathetsa zambiri: tsiku lililonse limene laphonyedwa, kaya chifukwa cha matenda kaya maliro, lidzabwezedwa pasanathe mwezi. Anthu akadziwa kuti tsikulo lidzabwezedwa ndithu, matenda a tsiku lonyamuka amachepa okha.

Bambo Chirwa (mlangizi, Luwinga):
Kutalika kwa ulendo kutsate msinkhu. Wosakwana zaka zitatu sadziwa kuwerenga masiku, masabata awiri kwa iye ndi ngati wasiyidwa. Amafunika maulendo aafupi obwerezabwereza, maola angapo masana, kenako usiku umodzi akazolowera. Wa zaka zitatu mpaka zisanu, mausiku awiri kapena atatu, atenge kansalu kapena chidole chimene amagona nacho. Wa kupulaimale angathe sabata imodzi kapena ziwiri. Wa kusekondale ali ndi anzake, kwaya, makalasi a tchuthi, ndiye masiku akonzedwe naye limodzi, apo ayi adzadana ndi ulendowo pa zifukwa zimene sizikhudza kholo lililonse.

NyaKaunda (namwino, Chiputula):
M'chikwama muike kabuku ka kuchipatala, musakabise. Ngati mwana amamwa ma ARV, mankhwala a khunyu kapena ali ndi kopopera ka mphumu, werengani a masiku onse n'kuwonjezera a masiku atatu, mulembe ola lomwera, mupereke kwa wamkulu m'manja. Pali makolo amene sauza mnzawo kuti mwana ali pa mankhwala poopa kunyozedwa, mwana n'kudumpha masabata awiri. Mwana wa ku Mzuzu akamatsikira kunyanja kapena ku Karonga atenge neti, malungo kumeneko ndi ochuluka nyengo ino. Ndipo akadwaladi tsiku lonyamuka, kholo linalo liloledwe kubwera kudzamuona ndi kuona zimene adokotala alemba.

Achimwene Gondwe (Zolozolo):
Nanga a ku Joni? Amabwera Disembala patapita zaka ziwiri zitatu, mwana akuwathawa, iwo n'kumati mayi wamuipitsa.

Bambo Chirwa (mlangizi, Luwinga):
Mwana amene munamusiya ali ndi chaka chimodzi, mwabwera ali ndi zinayi, sakudanani, sakudziwani. Yambani miyezi iwiri itatu musanabwere: kuimba kwa vidiyo pa WhatsApp kawiri pasabata, mauthenga a mawu, zithunzi. Mukafika, masiku awiri oyamba mukamuone masana pamalo amene wazolowera, ali ndi munthu amene amamudziwa. Njinga ndi foni zisatsogole. Mphatso zazikulu tsiku loyamba zimaphunzitsa mwana kuyeza makolo ndi katundu, ndipo mayi amene wavutika naye chaka chonse ndi phala amaoneka wosauka m'maso mwake. Kumeneko nakonso ndi kudanitsa, ngakhale simunanene mawu oipa.

Bambo Mkandawire (Mchengautuwa):
Pa za ku Joni pomwepo, pasipoti ya mwana isaperekedwe popanda pangano lolembedwa lonena tsiku lobwerera ndi keyala ya kumene akupita. Malawi sali m'pangano la ku Hague la 1980 lothandiza kubweza ana amene atengedwa kupita kunja ndi kholo limodzi, ndiye mwana akatsekeredwa ku Johannesburg, kumubweza ndi mlandu wautali ndi wodula.

Mayi Banda (Chibavi):
Bwanji kholo limene laipitsidwa kale? Mwana akufika sakuyankha moni, akunena mawu achipongwe. Ena amangoti ndisiye, akadzakula adzandifuna.

Bambo Chirwa (mlangizi, Luwinga):
Kusiya ndi kumene kumatsimikizira mwana zonse zimene anauzidwa. Wofufuza wina wa ku America, Amy Baker, anacheza ndi akuluakulu 40 amene anadanitsidwa ndi kholo ali ana. Ambiri anafotokoza za kudziona opanda pake, matenda a nkhawa ndi kukhumudwa, kumwa mowa ndi mankhwala ozunguza bongo, kulephera kukhulupirira anthu, mabanja awo kutha, ena mpaka kudana ndi ana awo omwe. Ambiri ananenanso kuti pamene ankakana kholo lija, mumtima ankafuna kuti lisatope. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Mwana amadziwa kuti anachokera kwa anthu awiri. Akamauzidwa tsiku ndi tsiku kuti bambo ake ndi chitsiru, kenako akalakwa n'kumva "wangotengera bambo ako", amawerengera yekha kuti theka lake ndi loipa.

Ndiye pitirizani kufika tsiku ndi ola limene munagwirizana, ngakhale mubwerere chimanjamanja. Tsiku loyamba mwana akakhala wozizira musamulange ndipo musamufunse kuti wakuuza ndani. Ambiri amamasuka tsiku lachiwiri kapena lachitatu. Akanena kuti "munatithawa", musatsegule mlandu wa banja. Nenani mwachidule kuti za ine ndi amayi ako ndi za akuluakulu, iwe sindinakusiye, bwera tidye. Musabwezere pomunyoza mnzanuyo, musamuonetse mwana mauthenga a pafoni kapena mapepala a khoti, musalembe pa Facebook. Amayi kapena bambo omupeza asakakamize kutchedwa "amayi" kapena "adadi", ndipo chilango chisachokere kwa iwo. Ngati mwana wasiya kudya, sakugona, akudzivulaza kapena akunena za kufa, musadikire Januwale. Ku chipatala cha St John of God muno mu Mzuzu kuli alangizi a za maganizo.

Agogo Jere (Ekwendeni):
Ndamva ana anga. Koma nkhoswe masiku ano aliyense amaikira kumbuyo mwana wake. Ndipo kawirikawiri si bambo kapena mayi amene amathira mawu m'makutu a mwana, ndi ife agogo ndi azakhali pamoto madzulo. Pepala lanulo litikhudze nafenso.

Bambo Mkandawire (Mchengautuwa):
Lilembedwe ndithu agogo, kuti abale a mbali zonse sadzanyoza kholo lina mwana akumva, ndipo mmodzi wa akuluakulu a pamudzi asaine. Ankhoswe akalephera kapena mbali ina ikakana kusaina, pitani ku Social Welfare, amaitana onse awiri n'kuyesa kuwagwirizanitsa. Zikakanika, khoti la ana. Amene alibe ndalama ya loya apite ku Legal Aid Bureau, ali ndi ofesi muno mu Mzuzu. Apolisi a Victim Support amalangiza ndi kuteteza, koma sagamula kuti mwana azikhala ndi ndani. Tengani kope lolembamo tsiku lililonse limene munafika n'kubwezedwa ndi chifukwa chimene munauzidwa, mauthenga a pafoni ndi a ndalama zimene munatumiza, ndi chiphaso cha kubadwa cha mwana ngati muli nacho. Kukamutsomphola mwana pageti la sukulu tsiku lotsekera kumakuonongerani mlandu wanu womwe. Ndipo tsiku la mlandu silituluka m'sabata imodzi, ndiye amene wachedwa pa Disembala uno apemphe ngakhale masana awiri kudzera ku Social Welfare, pempho la kukhoti alilembe mu Januwale kuti chigamulo chipezeke tchuthi cha Pasaka chisanafike.